Matayala Osaphwa pa Njira ya ku Mwape

Linali Lachisanu madzulo, mwezi wa Juni, ndipo ndinali pa siteji ya njinga zamoto pafupi ndi msika wa Petauke, ndikuwotha kadzuwa kotsala. Dzina langa ndi Vitalis. Ndakhala ndikunyamula anthu pa njinga yamoto kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndanyamulapo amayi apakati, mbuzi, malata, ngakhale maliro. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti sindine mwana pa msewu. Anandipusitsa ndili ndi ndevu zanga.

Mawa lake ndinali ndi ulendo wokasiya mlongo wanga Hellen kwathu ku Kaumbwe. Hellen ndi wopondana nane, ndipo nkhoswe ya ukwati wake ndine. Lachitatu anabwera pa siteji ndi beseni lake la zitumbuwa, duku atalikokera mbali imodzi ya nkhope. Mlomo unali wotupa.

"Alongo, nalema," anatero. "Munipeleke kwa amama. Sinifuna kufela mu nyumba ija."

"Akumenyanso?"

Anangondipatsa zitumbuwa ziwiri.

"Loweluka nizakupeleka," ndinatero. "Masiku aŵa kuli nchito, anthu agulitsa nshawa. Pilila pang'ono chabe."

Anavomera ndi mutu n'kusenza beseni lake. Ndinamuuza kuti apirire masiku atatu chifukwa cha matumba a mtedza a anthu ena, ndipo zimenezi zimandiluma mpaka lero.

Mwamuna wake anali Wilbroad, womata matayala m'kachisakasa ka m'mbali mwa msewu. Asanakhale mlamu wanga anali mnzanga wodya naye mbale imodzi. Kwawo ndi ku Mwape, uko kupitirira Nyimba. Ndine ndinamubweretsa kwathu, ndine ndinauza amayi kuti munthuyu ndi wofatsa. Za kumenyako ndinamukhazikapo pansi kawiri, ndipo kawiri konse analira n'kulumbira kuti wasiya.

Dzuwa likulowa, Wilbroad anaimba foni.

"Mulamu, bweletsani njinga. Nili na kanthu ka imwe."

Ndinamupeza ali yekha, atagwira mabotolo awiri. Munali mankhwala aja obiriwira othira m'matayala, omwe anyamata a pa siteji amawatchula kuti delele chifukwa cha kunanda kwake. Ine ndinali ndisanawathirepo. Ndinkati chigamba ndi guluu zandikwanira.

"Ni mphatso," anatero. "Mwavutika maningi na minga."

Anachotsa kamtima ka valavu, mpweya wonse n'kutuluka. Analumikiza kapaipi n'kufinyira botolo lonse m'chubu cha kumbuyo. Lachiwiri analimalizira kutsogolo.

"Botolo imozi si ikwana matayala aŵili?" ndinafunsa.

"Njila ni itali," anayankha osandiyang'ana.

Atapopa, anatenga msomali n'kuukhomera m'tayala la kumbuyo ine ndikuona. Anauzula n'kuzunguza gudumu. Panamveka kuti fyuu, timadontho tobiriwira tinawazikira pa madigadi otchinga matope, kenaka zii. Ndinadina tayala ndi chala ndipo linali gwa. Ndinaseka ngati mwana, n'kumumenya paphewa pothokoza.

"Chinsinsi chake ni chimozi," anatero. "Mukamva yaboola, osaima. Mankhwala aŵa aseŵenza tayala ikazungulila. Mukaima, mphepo yonse ichoka."

Apo ndi pomwe anatulutsa nkhani yake. Anati azakhali ake, a Anastazia, omwe ankawaitana kuti atete, anabwera kuchipatala koma madokotala alephera, ndipo tsopano ali kunyumba kwake. Akufuna akafere kwawo ku Mwape, ndipo mwina sagona n'kufika mawa. Galimoto yasowa. Anzanga ena a njinga sangawakhulupirire ndi munthu wodwala chonchi usiku.

"Nanga Hellen? Mailo Loweluka nili naye ulendo."

"Ali ku chalichi, ku mapemphelo ya usiku onse. Muzamupeza kuseni, kukacha. Za ulendo wanu niziŵa, mulamu, sinikana. Akapumuleko kwa amama."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaganiza kuti ndikamuthandiza usiku umenewu, mawa sativuta. Tinakadzaza thanki.

Magetsi anali atathima tauni yonse. Pakhomo pa Wilbroad panali mdima wa bii, ndipo sanayatse ngakhale kandulo. Anandiuza kuti ndibweretse njinga pakhonde penipeni, ndikhale pampando, ndigwire zogwirira kuti isapendeke.

"Osacheuka, mulamu. Sanavale bwino, achita manyazi."

Munthu wolera bwino sayang'ana mayi wamkulu ali choncho. Ndinayang'ana kutsogolo. Ndinamva Wilbroad akutuluka akupuma movutikira, kenaka njinga inatsika ndi kulemera. Wodwalayo anakhala bwinobwino, miyendo uku ndi uku, osavuta kumupinda. Anali atakutidwa ndi bulangete mpaka kumutu. Wilbroad anadutsitsa chitenje m'khwapa mwanga n'kutimanga pamodzi, monga timachitira ndi odwala. Mapazi anawamangirira pa zopondera, iye n'kukwera kumbuyo.

"Muli bwanji, amai?" ndinapereka moni.

Panalibe yankho.

"Ŵalema," anatero Wilbroad. "Tiyeni."

Tinatuluka m'tauni n'kulowa msewu waukulu wa ku Nyimba. Kunkazizira kwambiri. Paulendo wotere msana umafunda ndi munthu amene wamunyamula, koma wanga sunafunde. Ndinati ndi bulangete lokhuthala. Mphuno zanga zinkamva kafungo ka mafuta okazingira, ndipo ndinati bulangetelo ndi la m'nyumba ya Hellen, ndiye palibe chachilendo. Chilichonse ndinkachipezera yankho ndekha.

Tinayandikira mphambano pomwe njira ya kwathu imapatukira kumanzere. Msewu pamenepo ndi wosalala, ndimaudziwa ngati khonde langa. Mwadzidzidzi, fyuu! Tayala la kumbuyo. Njinga inagwedezeka, kanthu kozizira kanandiwazikira pa mwendo.

"Osaima!" anakuwa Wilbroad.

Phokoso linaleka. Sitinayende mamita makumi awiri, fyuu, la kutsogolo. Zogwirira zinakokera kumanzere, kunjira ya kwathu, mwamphamvu moti ndinachita kulimbana nazo. Fyuu, la kumbuyo kachiwiri.

"Ponda mafuta, mulamu, ponda!"

Ndinakoka moto. Mphambano inatsala m'mbuyo ndipo matayala anakhala chete.

Ife a njinga tili ndi lamulo lathu lomwe silinalembedwe paliponse. Ukanyamula maliro, tayala likaphwa popanda chifukwa, ndiye kuti mwiniwake akukana komwe mukumupititsa. Umaima. Wachibale amatsika, amamutchula dzina, amamufunsa chomwe akufuna, ndipo nthawi zina mumabwerera. Zinandichitikirapo ndi maliro a mkulu wina amene ana ake ankamupititsa kwa mkazi wachiwiri. Tinamata kawiri, kachitatu tinatembenuka, ndipo tinafika kwa mkazi wamkulu popanda vuto. Zimenezi zinandibwerera m'mutu usiku umenewo.

"Mulamu," ndinakuwa mumphepo, "ŵakali kupuma aŵa?"

"Ŵapuma! Atete, muli bwino?" Anakhala ngati akumvetsera. "Ŵakuti tiyeni."

Nthawi yomweyo tinagunda kadzenje, ndipo kumbuyo kwa khutu langa kunatuluka kubuula. Kunali kwakutali, kochokera pansi pa chifuwa. Ndinati munthu wobuula ndi wamoyo. Ndinachita manyazi ndi maganizo anga n'kupitiriza ulendo.

Tinafika pa Nyimba usiku utakula. Panali basi ya ku Lusaka itaima, amayi akugulitsa nthochi ndi timatochi tawo, anthu akuyendayenda. Ndinafuna kuima kuti ndiwongole msana ndi kuona matayala powala. Ndisanagwire buleki, fyuu, fyuu, fyuu, katatu motsatizana, pakati penipeni pa anthu. Mayi wina analumpha n'kutitukwana, chitenje chake chitawazikiridwa.

"Mukaima pano sitinyamukanso," anatero Wilbroad. Mawu ake anali pafupi kwambiri ndi khutu langa. "Mufuna ŵafele pa msewu?"

Sindinaime.

Tinasiya phula n'kulowa njira yafumbi ya ku Mwape. Nyumba zinayamba kutalikirana, kenaka zinatha. Kunatsala mitengo ndi kuwala kwa nyali yanga. Mutu wa wodwala unkagunda paphewa langa pa bampu lililonse, pamalo amodzimodzi. Matayala ankangolira. Ndinawerenga mpaka khumi, kenaka ndinasiya. Buluku langa linanyowa kuyambira m'bondo mpaka mu nsapato, koma njinga inkangopita. Mankhwala aja ankagwiradi ntchito, zimenezo sindinganame.

Tikutsetsereka kulowa mumtsinje wouma, ndinamva dzanja m'chiuno mwanga. Manja onse a wodwala anali m'bulangete ponyamuka. Tsopano limodzi linali kunja, pansi pa jekete langa, pakhungu penipeni. Linali lozizira ngati mpini wa khasu m'mawa wa Juni. Zala zinapinda n'kugwira lamba wanga.

"Mulamu, ŵanigwila."

"Ni mabampu chabe."

Ndinamva akulimbana nalo kuti alichotse. Anakoka kamodzi, kawiri. Kachitatu linachoka, ndipo ndinamumva akunong'ona mawu omwe sindinawamve bwino. Sanali mawu omwe munthu angauze azakhali ake.

Mukhoza kundifunsa chifukwa chake sindinaime pamenepo. Nanenso ndimadzifunsa. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha anandiuza kuti ndimalize ulendo msanga ndibwerere kwa anthu. Komanso amene anali kumbuyoko anali Wilbroad. Munthu amene unagona naye mphasa imodzi sumuganizira zinthu zina.

Anayamba kundilozera tinjira. Kumanja apa. Kumanzere pa mtengo uwo. Tinapatuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, udzu ukundikwapula m'maondo. Kenaka anati ndiime ndi kuzimitsa nyali. Panalibe mudzi, panalibe galu wouwa, panalibe fungo la utsi. Panali ngolo ya ng'ombe ndi amuna awiri ataima pambali pake. Sanapereke moni.

"Njinga siingafike, kutsogolo kuli mchenga," anatero Wilbroad akumasula chitenje. "Osacheuka, ŵaziwonongela."

Anamunyamula atatu. Msana wanga unapepuka, ndipo mphepo inalowa pomwe panali iye. Pomukweza m'ngolo sanabuule.

"Bwelelani, mulamu. Mulungu akudalitseni."

Mawu omaliza omwe ndinamva kwa Wilbroad ndi amenewo. Pobwerera ndinasochera kawiri ndisanapeze njira yaikulu, koma tayala silinalire ngakhale kamodzi.

Ndinafika ku Petauke dzuwa litatuluka, ndipo ndinalunjika kunyumba kwa Hellen osasamba. Chitseko chinali ndi loko. Amai Keziah, oyandikana nawo nyumba, ankasesa pabwalo.

"Amai, Hellen akalibe kubwela ku mapemphelo?"

"Mapemphelo yati? Tipemphela pamozi, kunalibe mapemphelo mailo usiku."

"Nanga alendo aja odwala, atete ŵake a Wilbroad?"

Anasiya kusesa. Anati pakhomopo sipanafike mlendo mwezi wonse. Anati dzulo masana kunali ndewu, mbale zikusweka, Hellen akukuwa, kenaka kunangoti zii. Chakumadzulo anapita kukabwereka sefa. Anasuzumira pawindo n'kuona Hellen atakhala pa benchi, miyendo uku ndi uku ngati wakwera njinga, atatsamira khoma, bulangete lili kumutu. Anamuitana katatu osayankha. Wilbroad anatulukira kuseri n'kunena kuti ali ndi malungo.

Akulankhula choncho, maso awo anatsikira pa njinga yanga. Pa chopondera cha kumbuyo panatsala kansalu komwe anamangira phazi. Anawerama n'kukagwira.

"A Vitalis," anatero motsitsa mawu, "ichi ni chitenje cha kwaya yathu. Mwamupeleka kuti Hellen?"

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Wilbroad anamukhazika Hellen pa benchi kuyambira masana kuti aumire mokhala, kuti adzakwanire bwino pa njinga yanga. Pamene ankandithirira mankhwala aja, ine ndikuseka ndi kumumenya paphewa, mlongo wanga anali atakhala kale pa benchi paja akundidikira.

Ndinapita ndekha kupolisi. Anandisunga masiku anayi, ndipo sindiwada, chifukwa nanenso ndikanamusunga munthu wobwera ndi nkhani yotere. Kenaka tinapita nawo ku Mwape. Masana tinjira tonse tinkafanana. Madontho obiriwira tinawatsata mpaka pa mtsinje wouma, kupitirira apo ng'ombe zinali zitapondaponda. Abale a Wilbroad anati sanamuone chiyambire dzinja. A Anastazia analikodi, koma anamwalira zaka zisanu zapitazo. Za ngolo palibe amene anadziwa. Chisakasa cha matayala chinakhala chotseka mpaka anthu anazula malata.

Nditatuluka, ndinapita ndi njinga kwa a Eustace, mkulu amene amamata matayala kuseri kwa msika. Ndinawauza kuti achotse zonse. Anatulutsa machubu, anawatsuka, anawapopa n'kuwaviika m'beseni la madzi. Thovu linatuluka paliponse. Anawerenga mabowo khumi ndi limodzi kumbuyo, asanu ndi limodzi kutsogolo, kupatula la msomali uja. Anapapasa m'kati mwa matayala ndi zala, pang'onopang'ono, kawiri. Sanapeze munga, waya kapena msomali.

"Mwana wanga," anatero, "munthu uyu anakuitana maningi."

Ku Kaumbwe tinalira maliro opanda mtembo. Anthu anasonkhana masiku awiri, kenaka anabalalika chifukwa panalibe choika m'manda. Amalume, a Josphat, ananditengera kuseri kwa nkhokwe.

"Uziŵa chifukwa chake Wilbroad anasankha iwe? Wina aliyense akanaima. Akanafuna kuona nkhope. Ndipo anaziŵa kuti tikapita kutali na mulandu, oyamba kumangiwa ni iwe. Lamulo yanu ya matayala anali kuiziŵa bwino, si ndiye anali kumata?"

Amayi sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanatero. Usiku wachiwiri anandiitana m'nyumba n'kufunsa funso limodzi.

"Vitalis, unamubeleka pa musana usiku onse. Sunamumve?"

Ndinamumva. Ndinamva fungo lake, ndinamva dzanja lake, ndinamumva akukokera njinga kwawo. Ndinasankha kumvera Wilbroad.

Pa siteji anzanga amandipatsa moni, koma ndikatembenuka amanong'ona. Ena amati ndinkadziwa. Ena amati ndinadyetsedwa mankhwala. Delele uja ambiri anasiya kuthira, ndipo amene amathira sanyamula odwala usiku.

Ine ndinagula machubu akale kwa a Eustace, opyapyala, a zigamba zokhazokha. Lachisanu lililonse ndikaweruka ndimadzaza thanki n'kupita ndekha ku Mwape. Ndimawoloka mtsinje uja, ndimalowa kanjira kamodzi, ndimayenda pang'onopang'ono mpaka kathere, sabata yotsatira ndimalowa kena. Ndimanyamula khasu ndi bulangete latsopano. Ndinaganiza kuti ndikadzadutsa pomwe anamuika Hellen, adzaboola tayala, ndipo ulendo uno ndidzaima. Ndidzamutchula dzina, ndidzamutenga, ndidzakamusiya kwa amayi.

Papita miyezi isanu ndi itatu. Machubu omwewo, omwe a Eustace anati sangafike ngakhale pa Nyimba, sanaphwepo. Ndadutsa pa minga ya mthethe, ndaponda mabotolo osweka dala. Sabata yatha ndinawauza a Eustace, ndipo anadina tayala ndi chala, anapukusa mutu.

"Leka kuvutika, Vitalis," anatero. "Si kuti sumupeza. Akuona ukapita pamene ali. Safuna kukamba na iwe."

Lachisanu likubwerali ndipitanso.